Dziko la Lachitatu

6 Januwale

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wa mwana wanu woyamba. Ndikhulupirira kuti mwendo uja wasiya kutupa ndipo mvula siikukupezani pogona. Ine ndili bwino. Mdzukulu wanu Manoawiri nayenso ali bwino, kungoti akuluma chilichonse. Dzulo waluma chala cha agogo eni nyumba mpaka akuti, "Iwe, lendi ya mano amenewa alipira ndani?"

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati anthu akale. Foni ija mkamwini wanu anatenga, akuti anagula ndi iye. Ndiye makalata anga azibwera ndi Amayi a Zikwama, aja amapita ndi kubwera pa basi ndi katundu wa malonda. Amayi aang'ono, ndikudziwa kuti owerenga ndinu. Chonde musadumphe mawu, ndipo zimene mwawerenga zithere m'nyumbamo.

Ntchito ndapeza, koma ya nyengo yotentha yokha. Ndikukolopa pa sukulu yaikulu ya malamulo. Eni ake ali pa tchuthi, ndiye m'malo mwawo mwabwera ana a sukulu ochokera m'mayiko osiyanasiyana, akuda, oyera, ena tsitsi ngati ndevu za chimanga. Akuti abwera kudzaphunzira malamulo a mayiko ena n'kumawafananitsa ndi akwawo. Ndinafunsa akapitawo athu kuti kodi malamulo akwawoko anatha? Anaseka, akuti ndigwire mopu.

Akapitawowo andilola kubereka mwana pa ntchito bola asalire pafupi ndi kalasi. Akagona ndimamugoneka pa katoni m'kachipinda ka matsache, chitseko chotsegula pang'ono.

Koma pali mmodzi amene sindikumumvetsa. Ndi mtsikana wa magalasi, wochepa thupi, woyenda mothamanga ngati wasiya mphika pamoto. Ndinkayimbira mwana pa masitepe, ndangomva kumbuyo, "Achemwali, mwaswera bwanji?" M'chiyankhulo chathu, Amayi! Mopu inandipulumuka. Akuti ndi wakwathu, wabwera pa ndege kudzaphunzira masabata ochepa. Anamunyamula Manoawiri, kumununkhiza m'mutu, kenako mafunso: ali ndi miyezi ingati, anabadwira kuno kapena kumudzi, bambo ake ali kuti. Munthu wongokumana naye pa masitepe afunsiranji kumene mwana anabadwira? Ndinangoti bambo ake ali kuntchito. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo komweko kamachekanso.

Za mkamwini wanu sindinena zambiri. Malaya ake m'nyumba muno akuchepa limodzilimodzi.

Ndaika kangachepe mu sokosi, pansi pa sopo. Mugule pepala la pulasitiki lofolera pamene pamadontha paja, zotsala mankhwala a mwendo. Kuno zinthu zakwera, mkaka wa m'chitini ndimangoudutsa ngati sitidziwana. Apongozi akafunsa muziti ndili bwino, basi. Kumene ndikugwira ntchito asadziwe.

Ndine mwana wanu.

14 Januwale

Amayi,

Moni nonse. Yankho lanu lafika, ndamva kuti mwendo ukuyesera. Ife tadzuka, koma mtima wanga sunadzuke nane.

Loweruka masana mkamwini wanu anabwera, osati yekha. Anali ndi mkazi wa zikhadabo zazitali zopaka zofiira. Mkaziyo sanakhale pansi. Anaima pakhomo akumuyang'ana mwana ngati munthu wosankha mbuzi pa msika. Kenako anatulutsa tinsapato toyera n'kumuveka. Amayi, tinamukwana ndendende. Anamuyeza liti phazi mwana wanga? Agogo eni nyumba andinong'oneza kuti Wazikhadaboyo alibe mwana, koma ali ndi nyumba ya mpanda ndi galimoto. Potuluka mkamwini wanu anati, "Mwana anabadwira kuno, ndi wakuno. Mlendo ndiwe, ndipo za mapepala ako ukudziwa wekha."

Ndiye ndaganiza. Ndibwera kumudzi, ine ndi mwana, iye asakudziwa. Amayi a Zikwama andifotokozera za basi ndi za pamalire. Musauze munthu, ngakhale abusa.

Tsopano mverani za kuntchito, chifukwa mwina mutu wanga ndi umene ukundinamiza. Dzulo Lolemba akapitawo anati tikonze kalasi yaikulu mwa mtundu wina: tebulo limodzi pamwamba, awiri pansi moyang'ana lapamwambalo, lina kumanja lina kumanzere. Ana a sukulu anabwera atavala masuti, kutentha konseku. Aphunzitsi awo, bambo wa dazi lonyezimira, anakhala pamwamba ndi kanyundo ka mtengo. Ine ndinali kumbuyo ndikupukuta mawindo. Anayamba kukangana m'chizungu, ndipo wolusa kuposa onse anali Wamagalasi uja. Chizungu changa cha ku pulayimale mukuchidziwa, koma mawu oti mayi, mwana, basi ndi malire ndinawamva bwinobwino.

Atatuluka ndinamufunsa kuti amakangana chiyani. Akuti ndi mlandu wa mayi amene anawoloka malire ndi mwana, bambo ake osadziwa.

"Ine ndimaimira bambo," anatero akumwetulira, "ndipo tapambana. Mayiyo anaba mwana."

Ndinati, "Anaba wa ndani?"

"Wake yemwe."

Amayi, munthu angabe chimene chinatuluka m'mimba mwake? Inu munandiba ine? Ataona nkhope yanga anandigwira paphewa, akuti, "Musaope achemwali, n'zongoyerekeza. Kulibe mayi, kulibe mwana. Timaphunzira choncho tisanakaone woweruza weniweni."

Zongoyerekeza! Munthu amakha thukuta pa zongoyerekeza? Ndipo mwana wa mu mlanduwo akuti ndi wamkazi, sanayambe kuyenda. Sabata yatha wandifunsa mafunso, sabata ino mlandu. Ndine mbuli, inde, koma sindine chitsiru.

Makina osokera aja musagulitse ngakhale amalume akakamire, ndidzawafuna. Bedi langa mulitulutse padzuwa, koma anthu akafunsa muziti mukupha nsikidzi.

Mwana wanu.

22 Januwale

Amayi okondedwa,

Moni. Muli bwanji ndi mwendo? Manoawiri anatentha thupi masiku apitawa koma wazizira. Agogo akuti ndi nkhama, dzino lina lili m'njira.

Nkhani ya matebulo ija sinathe. Lachitatu lapitalo anatikonzetsanso chimodzimodzi. Mlandu womwewo, mayi yemweyo, mwana yemweyo. Koma ulendo uno kanyundo katagunda, amene anakumbatirana ndi a mbali ya mayi. Ndinamupeza Wamagalasi akumwa madzi pa mpopi, ndinati kodi bambo uja wabweza mwana? Akuti, "Ayi achemwali, lero timaweruza ndi malamulo a dziko lina. Kumeneko mwana woyamwa salekanitsidwa ndi mayi ake."

Lachisanu abwerezanso. Tsikulo aphunzitsi aja, Adazi, sanapereke mwana kwa aliyense. Akuti abwezedwe kaye kudziko kumene ankakhala, mlandu ukaweruzidwe kumeneko.

Mwaona, Amayi? Mwana mmodzi: Lolemba wa bambo, Lachitatu wa mayi, Lachisanu akwere basi abwerere. Ngati kulibedi mwanayo, ali ndi mwayi.

Apa ndinalakwitsa. Pakamwa panga pananditsogolera. Ndinati, "Nanga dziko la Lachitatu lija lili kuti? Basi yake amakwerera pati?"

Anaseka mpaka kutsamwa ndi madzi. Kenako anasiya kuseka, anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Achemwali, kodi mukufuna kuthawa ndi mwana?"

"Ayi, ndimangocheza. Nanga kwathu ndi Lolemba kapena Lachitatu?"

"Funso si limenelo," anatero. "Munthu akathawa, malo ambiri amayambira pa Lachisanu."

Ndinanyamula ndowa n'kuchoka.

Ndiye dzulo ndikuchokera kuntchito ndinamupeza mkamwini wanu atatsamira mtengo wa magetsi pafupi ndi kwathu, akutokosa m'mano. Sanandipatse moni. Anangoti, "Ndamva ukufunsa za basi. Ulendo wabwino." N'kumapita akuimba mluzu.

Wamva kwa ndani? Odziwa ndi inu, amayi aang'ono, ndi Amayi a Zikwama amene analumbira pa manda a mwana wawo. Watsala mmodzi. Lero m'mawa ndamupeza Wamagalasi pa masitepe akuyankhula pa foni m'chiyankhulo chathu. Ndamva ndi makutu angawa akuti, "Ali ndi kamwana kokongola, mano awiri." Atandiona anatsitsa mawu. Amauza ndani? Anthu akwathu kuno timadziwana ngati nyerere za una umodzi, ndipo mkamwini wanu ndi wa pakamwa pokoma, akhoza kugula munthu ndi botolo la zoziziritsa kukhosi.

Mwana ndasiya kupita naye kuntchito. Ndikumusiya ndi agogo, ndipo ndawauza kuti aliyense akagogoda asatsegule, ngakhale atanena kuti ndamutuma ndine. Mabere amandipweteka tsiku lonse koma ndipirira.

Ndaika nsalu imodzi ndi mafuta odzola. Nsaluyo ndi ya amayi aang'ono, chifukwa cha maso awo amene ndikuwatopetsa.

Mwana wanu.

26 Januwale

Amayi,

Moni mwachidule, Amayi a Zikwama aima pakhomo akundifulumizitsa. Tili moyo. Inu mudzuke bwino.

Ndakangana naye Wamagalasi. Anandipeza ndikutsuka masinki, akuti, "Mnzanga wa mano awiri uja ali kuti masiku ano? Ndamusowa." Magazi anandikwera kumutu. Ndinatseka chitseko n'kumufunsa kuti wakupatsa zingati mwamuna wanga.

"Mwamuna wanu? Ngakhale nkhope yake sindiidziwa."

"Nanga pa foni paja mumauza ndani za mano a mwana wanga?"

"Amayi anga. Nanenso ndasiya kamwana kumudzi, achemwali. Ndikamunyamula wanuyu ndimamva ngati ndanyamula wanga."

Anandionetsa chithunzi pa foni, kamnyamata konenepa. Koma chithunzi aliyense akhoza kubwereka. Kenako anati, "Ine sindine loya, ndine mwana wa sukulu. Koma chimodzi ndikupempheni, musakwere basi. Tiyeni kwa aphunzitsi, akudziwa anthu amene angakuthandizeni." Ndimve zimenezo? Ndipite ndekha kwa Adazi, omwe aja anapereka mwana kwa bambo Lolemba? Mbuzi kukadzipereka yokha kwa ogulitsa nyama.

Ndiye ndamunamiza. Ndamuuza kuti ndinyamuka Lachinayi m'mawa, akauze womutumayo akadikire mphepo. Tsiku lenileni ndi Loweruka likudzali, basi ya m'mawa. Ili ndauza inu nokha, ngakhale Amayi a Zikwama sakulidziwa, kalatayi ndamata kawiri. Amalume akandichingamire pa siteji ndi njinga. Musaphike zambiri, anthu angadabwe.

Mundipempherere chamumtima.

Mwana wanu.

3 Febuluwale

Amayi,

Moni ndikupatsani chifukwa munandibala. Ndikudziwa kuti amalume anadikira pa siteji mpaka dzuwa kupendeka. Muwapepese. Tili moyo, ndipo mwana ali pamiyendo panga pano ndikulemba.

Lachinayi m'mawa ndinapita ku depoti ndekha, n'kubisala kuseri kwa kagolosale kuti ndione mkamwini wanu akudikira mphepo. Sanabwere. Basi inadzaza, inanyamuka, iye osaoneka. Ndinabwerera kunyumba. Ndinati, ngati Wamagalasi sananene za Lachinayi, wonena uja ndani?

Ndiye ndinakumbuka ana a sukulu aja. Iwo amayerekeza mlandu asanakaone woweruza weniweni. Ndinati nanenso ndiyerekeze ulendo.

Loweruka mwana ndinamusiya ndi agogo. Ndinatenga pilo, ndinamuveka chipewa, ndinamubereka. Masokosi awiri ndinawadzaza nsanza n'kuwaveka tinsapato toyera tija, tikulendewera m'mbali. Agogo anaseka mpaka kukhosomola, akuti, "Uyu ndiye mwana wabwino, saluma." Ndinanyamula chikwama n'kupita.

Ndisanaponde n'komwe sitepe ya basi, dzanja linandigwira pamkono. Wapolisi. Kumbuyo kwake mkamwini wanu, ndipo pambali pake Wazikhadabo atanyamula bulangeti latsopano la ana, likadali ndi pepala la mtengo.

"Ndi ameneyu, bwana," anatero mkamwini wanu. "Akuba mwana wanga."

Mawu omwe aja a m'kalasi, Amayi. Akuba.

Wapolisi anati ndimasule. Wazikhadabo anatambasula manja, akuti, "Bwera kwa amayi." Ndinamasula nsalu pang'onopang'ono, ndinamupatsa. Analandira pilo. Nsapato imodzi inagwa pansi ndi mwendo wake womwe.

Anthu a pa depoti anafa nako kuseka. Kondakitala akuti, "Ameneyo salipira, akhale pamiyendo!" Wapolisi anagwira pamimba, akufunsa mkamwini wanu kuti, "Ndilembe kuti waba pilo? Pilo ndi wanu?" Anaseka mpaka anaiwala kundifunsa za mapepala zija zimene ndinkaopa. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana manja a mkazi uja mmene anagwirira pilo, n'kumaona mwana wanga ali mmenemo.

Mkamwini wanu manyazi anamukwiyitsa, ndipo munthu wokwiya sasunga chinsinsi. Anati, "Ukudziona wochenjera? Amayi ako omwe ndi amene amapita kwa amayi anga kukapempha kuti tikulole upite mwamtendere. Ndi tsiku lomwe ananena!"

Amayi.

Ndinati ngakhale abusa. Ndinamata kawiri. Ndakayikira mtsikana wosalakwa, ndakayikira Amayi a Zikwama, ngakhale amayi aang'ono ndinawakayikira mumtima, andikhululukire. Inu nokha ndi amene sindinakuganizireni.

Ndikudziwa mmene munaganizira. Munati mwana wa eni sachoka ngati nkhuku yobedwa, akulu ayenera kudziwa, ukwati sutha chozemba. Munavala nsalu yanu yabwino n'kupita ndi mwendo wotupawo kukagwada. Koma apongozi ali ndi foni, Amayi. Inu musanafike kunyumba mawu anu anali atafika kale kuno. Kukanakhala kuti kumbuyo kwanga kunali mwana, lero bwenzi ali m'nyumba ya mpanda, ine ndili m'chitokosi.

Sindinatumize kanthu ulendo uno. Si chifukwa cha mkwiyo, zinathera pa tikiti ya pilo.

Mwana wanu, ngakhale zili choncho.

12 Febuluwale

Amayi,

Moni. Yankho lanu lafika. Amayi aang'ono alemba m'munsi kuti munalira ndipo simukudya. Idyani. Mankhwala a mwendo safuna m'mimba mopanda kanthu. Nkhani ija tidzakamba pamaso, pa pepala siikwana. Ife tili bwino.

Ndinapita kukapepesa kwa Wamagalasi, mwana ali kumbuyo. Ndinamupeza pansi pa mtengo ndi mabuku ake onenepa ngati njerwa. Ndisanatsegule pakamwa Manoawiri anayamba kulira, ndipo ndinaona bulauzi ya mtsikanayo ikunyowa pachifuwa, mbali zonse ziwiri. Anaphimba ndi buku mwamanyazi. Amayi, chithunzi munthu amabwereka, koma mkaka sabwereka. Ndinagwada pa udzu pomwepo. Akuti, "Dzukani achemwali, anthu aziti ndakuweruzani."

Nditamuuza za pilo anaseka mpaka magalasi kugwa. Akuti, "Inu ndiye mwakhoza mayeso kuposa tonse." Kenako ananditengera kwa Adazi. Ndinalowa ndikuyang'ana kumene kuli chitseko. Koma pafupi ndi munthu wofatsa, kanyundo kaja amapsinjira mapepala kuti asauluke ndi mphepo. Anamvetsera, Wamagalasi akumasulira. Akuti iwo ndi mlendo ngati ine, sangandiimire, koma anaimba foni ku ofesi ina ya maloya amene amathandiza amayi osalipiritsa.

Kumeneko ndinapeza loya weniweni, mayi wamkulu woyenda ndi ndodo. Akuti tisadikire kuti mkamwini wanu ayambe, tipite ife kukhoti tikapemphe kuti mwana akhale ndi ine. Ndinafunsa za mapepala anga aja. Anapumira m'mwamba, akuti imeneyo ndi nkhani ina ndipo tiyamba kuikonza, koma ndikafunsidwa ndisaname. Sindikudziwa, Amayi. Waulere amandiopsa. Ndinafunsa kuti nanga iwo amadya chiyani, akuti, "Mwana wanga, ukandikayikira ine zili bwino, bola ubwere pa tsiku lake."

Dzulo masana kalasi itatha, Wamagalasi anati tisachotse matebulo. Anandikhazika kumanzere, iye anaima kumanja. Akuti, "Paja Lolemba lija ndinaimira bambo n'kupambana. Ndikudziwa mmene amalumira. Lero ndine loya wa amuna anu." Nkhope inasintha, Amayi, ngati si yemwe uja wa bulauzi yonyowa.

"Mukamakolopa, mwana mumamugoneka pati?"

"Pa katoni."

"M'chipinda cha chiyani?"

"Cha matsache."

"Momwe muli mankhwala otsukira zimbudzi? Nanga ntchito ikatha mudzamudyetsa chiyani? Nanga si inu munagula tikiti kuti muthawe naye?"

Ndinalira. Ndinafuna kumusasantha ndi mopu. Ndinakuwa kuti, "Inu muli mbali iti kodi?" Akuti, "Lirani lero kuti tsikulo musalire. Tiyambirenso. Musabise katoni, nenani chifukwa chake, ndipo nenani kumene mwana amakhala tsopano." Tinabwereza mpaka ndinasiya kulira. Akapitawo anasuzumira, akuti, "Kodi nawenso walembetsa sukulu?" Atamva nkhani yonse anakanda m'mutu, akuti eni sukulu akabwerako ku tchuthi pansi padzafunabe wokolopa, ndisade nkhawa.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi: mlandu auika Lolemba. Ndinapempha loya kuti ausunthire Lachitatu. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

Izi musauze apongozi. Ndabwereza, Amayi: musauze apongozi. Amayi aang'ono, mzere umenewu muwerenge kawiri.

Mwana wanu.

19 Febuluwale

Amayi anga okondedwa,

Moni wochuluka kwa inu, amayi aang'ono ndi amalume. Ndikhulupirira mwayamba kudya. Ife tadzuka bwino, ndipo lero mtima wanga wadzuka nane.

Khoti lenileni ndi laling'ono kuposa kalasi yathu, ndipo amene amakolopa kumeneko sapinda msana, m'makona muli fumbi la chaka chatha. Matebulo anawaika monga momwe ndimaikira ine. Woweruza anali mayi wa chimfine, wopanda kanyundo n'komwe. Mkamwini wanu anabwera ndi suti yobwereka, manja ake aafupi. Wazikhadabo anauzidwa kuti adikire panja.

Loya wawo anafunsa za katoni. Anafunsa za ntchito. Anafunsa za tikiti. Onse mafunso a Wamagalasi, kungoti uyu analibe ukali ngati wake. Ndinayankha osalira. Za tikiti ndinati inde ndinagula, ndinkaopa, koma amene ndinabereka ndi pilo. Womasulira anayamba waima kaye, akuti, "Mwati pilo?" Woweruza anabisa pakamwa ndi kansalu ka chimfine. Kenako anafunsa mkamwini wanu kuti mwana amadya chiyani m'mawa ndipo ali ndi mano angati. Anayang'ana kudenga, akuti asanu ndi limodzi.

Chigamulo ndi ichi, mumve bwino. Mwana akhala ndi ine. Bambo ake azimuona Loweruka, kunyumba kwa agogo, ndipo azithandiza za mkaka. Koma palibe wowoloka naye malire, iye kapena ine, popanda mnzake kuvomera kapena khoti kulola. Adzationanso miyezi ikubwerayi.

Ndiye sindibwera, Amayi. Bedi lija mulibwezere m'nyumba. Mdzukulu wanu mudzamuona akuyenda kale, mwina akuyankhula. Potuluka m'khoti ndinalira, loya akuti, "Ukuliranji, wapambana?" Ndinati ndapambana mwana, ndaluza amayi anga. Dziko la Lachitatu lija basi yake kulibe. Ndafunsa mokwanira.

Sindikunena kuti ndagona tulo tonse. Loweruka ndidzakhala pakhomo, maso pa manja a munthu aliyense, ndipo tinsapato toyera tija ndaponya m'dzala. Za mapepala anga tikuyendabe ndi mayi wa ndodo.

Sukulu ya alendo ikutha mawa. Dzulo anajambulitsa pa masitepe, ndipo anandikoka kuti ndiime nawo ndi mwana, mopu ndinabisa kumbuyo. Kalatayi sibwera ndi Amayi a Zikwama, ibwera ndi Wamagalasi. Akuti akakayamwitsa wake, adzakwera minibasi kudzakuonani. Mumupatse mpando wabwino uja, osati wothyoka mwendo. Akakufunsani mafunso ambiri musaope, ndi mmene analengedwera. Ndamupatsira chithunzi chija ndi kangachepe ka mankhwala.

Lero Lachitatu, ndipo m'mawa poyamwitsa ndamva kuluma kwachilendo. Ndayang'ana m'kamwa: dzino lachitatu latuluka, pamwamba. Agogo akuti dzina la Manoawiri latha ntchito ndipo lendi ikwera. Ndiye Lachitatu langa ndi limeneli, ndalipeza m'kamwa mwa mwana.

Chomaliza, Amayi. Makalata onse aja ndinkati musauze munthu. Iyi yokha kaneneni. Muvale nsalu yanu yabwino ija, mutenge amayi aang'ono, mupite kwa apongozi. Ulendo uno musagwade. Mukhale pa mpando, ndipo amayi aang'ono awerenge mokweza kuyambira pa moni mpaka pano, osadumpha mawu. Akafuna kuimba foni, aimbe. Amuuzenso mwana wawo kuti mano ndi atatu.

Ndine mwana wanu,
mayi wake wa Manoatatu.